Dzina la bizinesi ndinalembetsa kale, nanga wina akugulitsa bwanji chiponde m'dzina lofanana ndi langa?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mchinji: "Ndimapanga chiponde ndi sosi wa tsabola wa kambuzi kuyambira 2019. Dzina la bizinesi ndinalembetsa, satifiketi ndili nayo. Mwezi watha ndinapeza mabotolo m'golosale ina ku Lilongwe okhala ndi dzina losiyana ndi langa chilembo chimodzi chokha, lebulo yakenso yofiira ngati yanga. Bambo wina wothandiza anthu za mapepala wandiuza kuti ndilembetse trademark m'makalasi onse 45 kuti pasapezeke polowera, ndiponso kuti ndikadzera ku ARIPO ndiye kuti ndatetezeka mu Africa monse. Ndikufuna kuyamba kugulitsa ku Chipata ndi ku Tete. Kodi ndichite zimenezi?"

Mayi, ndiyambe ndi mawu amene sakusangalatsani. Satifiketi imene muli nayoyo si ya trademark, kutanthauza chizindikiro cha malonda. Imangouza boma kuti pali munthu wakutiwakuti amene akuchita malonda m'dzina lakutilakuti, kuti a MRA, a banki ndi a khonsolo adziwe amene akuchita naye zinthu. Dzina lomatidwa pa botolo, limene wogula amatchula akafika pa kauntala, limatetezedwa ndi lamulo lina, ndipo limalembedwa m'kaundula wina. Chimasokoneza anthu n'chakuti makaundula awiriwa akhala akusungidwa pansi pa denga limodzi, ku ofesi ya Registrar General, ndiye munthu akatuluka kumeneko ndi pepala lodindidwa amayesa kuti wamaliza zonse. Si inu nokha. Ambiri amene amabwera kwa ine ndi nkhani ngati yanuyi amafika atanyamula satifiketi yomweyo m'chikwama, ali ndi chikhulupiriro chonse.

Lamulo lathu la zizindikiro za malonda ndi latsopano ndithu. Trademarks Act ya 2018 inayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala chaka chomwecho, ndipo inachotsa lamulo la 1957 limene tinalandira m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kale chizindikiro chinkakhala zaka 7 poyamba, kenako n'kumawonjezedwa zaka 14. Tsopano ndi zaka 10, zowonjezedwa zaka 10 nthawi iliyonse. Kale munthu wa lesitilanti, saluni kapena sukulu analibe polembetsa dzina lake chifukwa lamulo linkangodziwa katundu wogwirika ndi manja. Tsopano ntchito zothandiza anthu nazo zimalembetsedwa. Lamuloli likuzindikiranso zizindikiro zotchuka kwambiri, zizindikiro za magulu monga makopaletivi, ndi mayina osonyeza dera limene chinthu chimachokera.

Makalasi 45 amene bambo aja akunena alipodi. Ndi kagawidwe kamene mayiko anagwirizana ku Nice, ku France: makalasi 1 mpaka 34 ndi a katundu, 35 mpaka 45 ndi a ntchito. Chiponde chanu chili m'kalasi 29, limodzi ndi mafuta ophikira ndi zipatso zoumitsa. Sosi wa tsabola ali m'kalasi 30, kumene kuli uchi, ufa, mpunga, tiyi ndi khofi. Mukadzatsegula malo odyera, amenewo ndi a kalasi 43. Makalasi enawo muli simenti, magalimoto, mfuti, inshulansi ndi zida za m'chipatala. Ndikufunseni: mudzagulitsa liti mfuti?

Zaka khumi zapitazo ndikanakuuzani kuti vuto la kulembetsa makalasi onse ndi ndalama basi. Lero si choncho, ndipo apa m'pamene zinthu zasintha kwambiri.

Ku Britain kuli kampani yaikulu ya wailesi yakanema yotchedwa Sky. Mu 2016 inasumira kampani ina yaing'ono ya ku America, SkyKick, imene inkathandiza makampani kusamutsa maimelo ndi kusunga zinthu pa intaneti. Sky inkati dzinalo likuba lake. A SkyKick poyankha anatenga satifiketi za Sky n'kuyamba kuziwerengera jaji mzere ndi mzere. Munali zikwapu. Munali mankhwala oyeretsera zovala. Munali zotchingira kutentha m'nyumba. Munalinso mawu akuti mapulogalamu a kompyuta, osatchula a ntchito yanji, ndiye kuti pulogalamu iliyonse pansi pano. Funso linali lakuti: kodi kampani ya TV inalidi ndi cholinga chogulitsa zikwapu, kapena inkangofuna chibonga chomenyera aliyense amene angayandikire liwu loti Sky?

Mlanduwu unazungulira zaka 8. Unapita ku khothi la European Union, limene linayankha mu 2020. Unabwerera ku London. Khothi la apilo mu 2021 linakomera Sky. Kenako unafika ku Supreme Court. Chigamulo chisanatuluke, mbali ziwirizi zinagwirizana kunja kwa khothi n'kupempha kuti nkhani ithere pomwepo. Majaji anakana kubisa chigamulo chawo, ponena kuti funsoli likukhudza anthu ambiri osati awiriwo okha. Pa 13 Novembala 2024 anagamula, m'mawu olembedwa ndi jaji Lord Kitchin, kuti kulembetsa chizindikiro pa katundu amene ulibe cholinga chenicheni chomugulitsa kukhoza kukhala kupempha mwachinyengo, ndipo mbali imeneyo ya satifiketi ikhoza kufafanizidwa. Anawonjezera kuti ukalemba mawu otambalala, monga mapulogalamu a kompyuta, pamene iwe ukupanga mtundu umodzi wokha, khothi likhoza kuwadula n'kukusiyira kachigawo kako kokha. Sky sinataye zonse, chifukwa pa ntchito yosunga zinthu pa intaneti khothi linapezabe kuti SkyKick inalakwa. Koma chizolowezi cholemba chilichonse chimene chabwera m'mutu chinathyoka msana tsiku limenelo. Mu 2025 ofesi ya zizindikiro ya ku Britain inalengeza kuti iyamba kufunsa opempha okha, fomu ikangofika, chifukwa chimene alembera katundu wambirimbiri chotero.

Mwina mukuti za ku London zikukukhudzani bwanji ku Mchinji. Zigamulo za ku England sizimanga majaji athu, koma malamulo athu a zamalonda anachokera kumeneko, ndipo maloya ku High Court, makamaka ku nthambi ya milandu ya zamalonda, amazitchula tsiku ndi tsiku pamene milandu ya kuno ili yochepa. Milandu yomasulira lamulo la 2018 sinachuluke. Loya wa mnzanu wa lebulo yofiirayo akadzaona kuti mayi wophika chiponde analembetsa dzina lake pa ndege ndi pa zida za dokotala wa mano, SkyKick ndiwo mlandu woyamba umene adzatsegule. Mudzakhala mutamupatsa nokha ndodo yokukwapulirani. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pali msampha wachiwiri, ndipo uwu uli m'lamulo lathu lomwe. Chizindikiro chimene chakhala zaka 5 zotsatizana osagwiritsidwa ntchito, wina aliyense amene chikumutchinga akhoza kupempha kuti chichotsedwe m'kaundula. Zili ngati munda: ukautchera malire koma osaugwira khasu, mfumu imaupereka kwa wina. Ndipo kugwiritsa ntchito kumafuna umboni, osati kutchuka. Chitsanzo chimene ndimakonda kufotokozera makasitomala anga ndi cha McDonald's. Kampani ya ku Ireland yotchedwa Supermac's inapempha mu 2017 kuti dzina loti Big Mac lichotsedwe m'kaundula wa European Union. Aliyense ku Ulaya amalidziwa dzinalo, koma mu Juni 2024 khothi la General Court la European Union linagamula kuti McDonald's yalephera kusonyeza kuti inkaligwiritsadi ntchito pa zakudya za nkhuku. Inabweretsa zithunzi za zotsatsa malonda, koma sizinkaonetsa kuti zinagulitsidwa zingati, kwa nthawi yaitali bwanji. Dzinalo linatsala pa buledi wa nyama ya ng'ombe, pa nkhuku linapita. Ngati kampani yokhala ndi maloya osawerengeka inagwa chifukwa chosowa mapepala, inu musataye buku la malisiti ngakhale limodzi. Sungani ma invoice a kumagolosale, malisiti a kosindikiza malebulo, satifiketi ya Malawi Bureau of Standards ngati muli nayo, zithunzi za pa Facebook zooneka deti, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp a anthu oitanitsa katundu. Za 2019 zija ndizo zamtengo wapatali kuposa zonse.

Ena anapeza njira yozembera lamulo la zaka 5: zikamatha, amakalembetsanso chizindikiro chomwecho ngati chatsopano kuti wotchi iyambirenso. Ku Ulaya imeneyinso yatsekedwa. Kampani ya Hasbro inataya mbali ina ya chizindikiro cha masewera a Monopoly ku General Court mu 2021 pa chifukwa chomwechi, ndipo mu 2024 khothi la apilo ku England linavomereza kufafanizidwa kwa satifiketi zina za sitolo ya Lidl, za bwalo lachikasu lopanda mawu, ngakhale kuti Lidl inapambana mlandu waukulu wolimbana ndi sitolo ya Tesco.

Tsono lembetsani 29 ndi 30, ndipo mutchule katundu weniweni: chiponde, mtedza wokazinga ngati mumagulitsa, sosi wa tsabola. Ngati muli ndi pulani yeniyeni yoyamba uchi kapena ufa wa soya chaka chamawa, ikaninso, palibe choletsa kuyang'ana kutsogolo. Chofunika n'chakuti mukadzafunsidwa chifukwa, mudzakhale ndi yankho la munthu wamalonda.

Musanapereke fomu, pemphani kufufuza m'kaundula. Pali zinthu zitatu zimene mungapeze. Ngati mnzanuyo sanalembetse kanthu, thamangani, chifukwa deti loperekera fomu ndilo limawerengedwa. Ngati anapereka fomu koma sanalandire satifiketi, pempho lake liyenera kulengezedwa poyera, ndipo pamakhala nthawi yoti wotsutsa atsutse. Nthawiyo ndi yaifupi kwambiri, ndiye pezani loya sabata yomweyo. Ngati satifiketi analandira kale, nkhani yakula koma sinathe: mukhoza kupempha kuti ifafanizidwe, ndipo malisiti aja ndiwo adzakuyankhulireni.

Ngakhale opanda satifiketi, muli ndi mlandu wakale umene maloya amautcha passing off, kutanthauza kugulitsa katundu wako monamizira kuti ndi wa mnzako. Koma ndi mlandu wolemera. Muyenera kusonyeza kuti dzina lanu lili ndi mbiri pakati pa ogula, kuti mnzanuyo akuwasokeretsa, ndi kuti inu mukuluza. Zonsezo zimafuna mboni. Wokhala ndi satifiketi amangoiika patebulo, n'kuika mabotolo awiri pambali pake.

Za lebulo yofiira ndidekhepo pang'ono, chifukwa ambiri amalembetsa dzina lokha n'kuiwala chovala cha botolo. Wokopera wanzeru sakopera dzina. Amatenga mtundu, kakhalidwe ka zilembo ndi chithunzi, n'kuikapo dzina lake. Mu Januwale 2025 khothi la apilo ku England linagamula mlandu wa Thatchers, opanga chakumwa cha maapozi chothira mandimu, ndi sitolo ya Aldi imene inatulutsa chake chotchedwa Taurus. Mayina sankafanana n'komwe, ndipo panalibe wogula amene anasokonezeka. Koma Thatchers inali italembetsa lebulo yonse monga ikuonekera, mandimu ndi masamba omwe, ndipo khothi linapeza kuti Aldi inakwera pa msana pa mbiri ya mnzake kuti igulitse popanda kulipira zotsatsa. Njira imeneyi imafuna kuti chizindikiro chikhale chodziwika kale, ndiye sindikulonjezani kuti ikugwirirani ntchito mawa. Phunziro lake n'lakuti mapempho akhale awiri: lina la dzina lokha m'zilembo wamba, lina la lebulo. Ndalama zimene mukanamwaza pa makalasi 43 opanda ntchito zipite kumeneko. Mtundu wofiira pawokha, pa sosi wa tsabola, musauwerengere kuti ndi wanu. Tsabola ndi wofiira kwa aliyense.

Simunanditchulire dzina lanu, ndipo mwachita bwino, koma liyeseni nokha. Ngati likungofotokoza katundu, monga kunena kuti chiponde chokoma kapena tsabola wowawa, Registrar akhoza kulikana, kapena kulilandira pokhapokha mutavomera kuti mawu amenewo si anu nokha. Chimodzimodzi mayina a malo. Simungatseke liwu loti Mchinji kuti alimi ena a mtedza asalitchule, monga mmene munthu mmodzi sangatengere dzina la mpunga wa Kilombero n'kuuza alimi a ku Karonga kuti asiye kuligwiritsa ntchito. Mayina otere amatetezedwa pagulu, ngati mmene a ku South Africa anachitira ndi tiyi wa rooibos, amene analowa m'kaundula wa European Union mu 2021. Dzina lolimba ndi lopeka, kapena liwu losagwirizana n'komwe ndi chimene chili m'botolo.

Tibwere ku malire. Satifiketi ya ku Malawi imathera pa Mwami ndi pa Zobue. Kutsidya, ndinu mlendo wopanda kanthu.

Bambo aja sananame kuti ARIPO ilipo: ndi bungwe la mayiko ena a mu Africa lolembetsa zinthu monga zizindikiro za malonda. Likulu lake lili ku Harare, ndipo pangano lake la zizindikiro, Banjul Protocol, linayamba kugwira ntchito mu 1997, Malawi ali m'gulu la mayiko oyamba. Mumapereka fomu imodzi n'kusankha mayiko. Koma mawu oti Africa monse ndi kukokomeza. South Africa ndi Nigeria si mamembala a ARIPO, mayiko ambiri olankhula Chifalansa ali ndi bungwe lawo la OAPI, ndipo chokhudza inu kwambiri n'chakuti Zambia ndi membala wa ARIPO koma sanalowe m'pangano la Banjul. Mozambique analowa mu 2020. Ndiye njira ya ARIPO ikufikitsani ku Tete, koma ku Chipata ayi.

Ngakhale kumene panganolo linasainidwa, pali funso lina limene maloya takhala tikunong'onezana kwa zaka zambiri: kodi dzikolo linaliika panganolo m'malamulo ake? M'mayiko otsata malamulo a Chingerezi, kusaina kwa boma sikukwanira, pamafunika nyumba ya malamulo. Mu 2025 khothi la apilo la Tanzania linayankha mosapita m'mbali, pa mlandu wa maswiti wa pakati pa Lakairo Industries ndi kampani ya ku Kenya ya Kenafric Industries. Linati pangano la Banjul silinalowetsedwe m'malamulo a dzikolo, choncho chizindikiro cholembetsedwa ku ARIPO sichingagwiritsidwe ntchito posumira munthu kumeneko. Makampani amene anakhala zaka akulipira n'kumadziona otetezeka anadzuka m'mawa ali ndi mapepala opanda mano. Kuno kwathu mpata umenewu unatsekedwa ndi lamulo la 2018, limene limatchula panganolo mwachindunji. Koma mukadzafuna kuwoloka Songwe kupita ku Mbeya, kalembetseni ku Tanzania komweko.

Njira ina yolembetsera m'mayiko ambiri ndi fomu imodzi ndi ya Madrid Protocol, yoyendetsedwa ndi WIPO, bungwe la United Nations loona za nkhani zotere ku Geneva, imene inayamba kugwira ntchito ku Malawi pa 25 Disembala 2018. Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse alimo. South Africa ndi Tanzania mulibe. Kuti mudzere njira imeneyi muyenera kukhala mutapereka kale pempho kuno kwathu, ndipo kwa zaka 5 zoyambirira chizindikiro chanu cha kunja chimatsamira pa cha kunyumbachi. Cha kuno chikagwa, za kunja zimagwa nacho. Mwaona tsono chifukwa chimene ndikukanira makalasi 45: maziko ogwedera agwetsa nyumba ya ku Lusaka ndi ya ku Maputo pamodzi. Malipiro a Madrid ali mu ndalama za ku Switzerland, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza, ine pa mayiko awiri okha ndikanayamba ndafunsa mtengo wolembetsa mwachindunji, ku maofesi a boma olembetsa zizindikiro, PACRA ku Lusaka ndi IPI ku Maputo, kudzera mwa wothandizira wa komweko. Madrid imayamba kupindulitsa mayiko akachuluka.

Pa Zambia musachedwe ngakhale pang'ono. Mu 2012 Supreme Court ya kumeneko, pa mlandu wa DH Brothers Industries ndi Olivine Industries wolimbirana dzina loti Daily, inagamula kuti amene wakhala akugwiritsa ntchito dzina osalilembetsa sangaletse mnzake kulilembetsa. Chigamulocho chinali pa lamulo lakale, ndipo nyumba ya malamulo ya Zambia inavomereza latsopano mu 2023, koma sindingakulangizeni kuti mukakhale munthu woyesera lamulo latsopano ndi ndalama zanu. Amene ndimamuopa kwambiri si mlendo, koma wogulitsa wanu yemwe wa ku Chipata, amene akaona kuti chiponde chikuyenda akhoza kukalembetsa dzinalo m'dzina lake. Lembani pangano lonena momveka kuti chizindikiro ndi chanu, makatoni asanakwere galimoto. Ku Mozambique kuli lamulo lakelake: zaka 5 zilizonse mwini chizindikiro amayenera kupereka chikalata chonena kuti akufunabe kuchigwiritsa ntchito, ndipo ambiri ochokera kunja amaiwala.

Pangano la Paris, la pakati pa mayiko pa nkhani zotere, likukupatsani mpata wopumira. Mukapereka pempho kuno, muli ndi miyezi 6 yoperekera la ku Zambia ndi la ku Mozambique, ndipo adzaliwerenga ngati munalipereka pa deti la ku Malawi lija. Ndiye simukufunika ndalama zonse tsiku limodzi. Yambani kuno mwezi uno, kunjako kutsatire miyezi 6 isanathe.

Pakadali pano gulani mabotolo awiri kapena atatu a mnzanuyo, mutenge lisiti, mujambule shelefu imene aikidwa. Musapite pa Facebook kukamutchula kuti ndi wakuba, mungadzapezeke mukuyankha mlandu woipitsa mbiri ya munthu, wanu usanayambe n'komwe. Musamutumizirenso kalata yoopseza musanaone za m'kaundula. Ndinaonapo kalata yotere ikudzutsa munthu amene anali asanaganizepo zolembetsa, ndipo anakafika ku ofesi mwini dzina asanafike. Pa lebulo yanu mukhoza kuika zilembo za TM, zoimira trademark, lero lomwe. Ka R kozunguliridwa kaja, kosonyeza kuti chizindikiro n'cholembetsedwa, dikirani mpaka satifiketi ili m'manja.